Mngerezi akalemba kuti wakhumudwa "pang'ono", thawa

Mayi Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Funso langa likupita kwa inu amene Chingerezi mumachilemba tsiku ndi tsiku kuntchito. Ndikuchonga zimangirizo za Fomu 4, mutu wake ndi tsiku limene mwana sadzaliiwala. Pafupifupi onse ayenda njira imodzi: "I was very happy", wina "I was very very sad", wina wadzikoka mpaka "I was extremely overjoyed". Galamala ili bwinobwino, sindingawadule malikisi. Koma ndikamawerenga sindikumva chilichonse, ngakhale pa mwana amene akufotokoza maliro a mayi ake. Kodi eni chilankhulochi mawu a chimwemwe, chisoni, mantha ndi mkwiyo amawaika bwanji papepala?

Chisomo: Madamu, ife aphunzitsi athu anatiuza kuti tiloweze pamtima "tears rolled down my cheeks" ndi "my heart skipped a beat". Tsiku la mayeso holo yonse misozi inkagubuduzika pamasaya, ngakhale amene ankalemba za mpira 😂

Tiyamike: Ndiyankheko kuchokera kuno ku Leeds, ku England, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuno mawu aang'ono ndiwo olemera. Bwana akakulembera imelo kuti ali "a little disappointed" ndi momwe wagwirira ntchito, usaone ngati wangodandaula pang'ono. Munthuyo wapsa mtima, ndipo kalata yotsatira ikhoza kukhala yokuitana kuti ukayankhe mlandu. Akalemba kuti "I was surprised to learn", sakunena zodabwa ayi, akukuuza kuti walakwa ndipo iwe ukudziwa. "Furious" sindinamuonepo m'kalata ya kuofesi. Ameneyo amapezeka pamitu ya manyuzipepala aja okonda zamiseche, kumene nduna iliyonse imakhala "furious" m'mawa uliwonse.

Mphatso: Asisi, bwerani kuno ku Johannesburg mudzaone zosiyana. Ofesi yathu imalemberana kwambiri ndi anthu a ku America. Kumeneko aliyense ali "thrilled", ali "super excited". Msonkhano wa Lolemba wokambirana ma invoice, nawonso ali "excited". Iwe ukangoyankha kuti "good", amakulemberanso kufunsa ngati pali chimene chalakwika.

Bambo Mvula: Zimene anena ana anga awiriwa ndi nkhani imodzi. Ndagwira ntchito yomasulira ndi kukonza zolemba mpaka imvi, ndipo ndimati mawu amphamvu a Chingerezi amagwa mphamvu ngati kwacha: akachuluka pamsika sagulanso kanthu. "Terrific" ndi m'bale wake wa "terror", poyamba ankanena chinthu choopsa. "Awful" ankanena chinthu chogwetsa munthu maondo pansi ndi mantha aulemu, monga pamaso pa Mulungu. Lero munthu amati tiyi ndi "awful". "Awesome" nayenso waphwa, ana akunenera nsapato. Ndiye wolemba wosamala akaona kuti mawu akuluakulu atha mphamvu, amabwerera ku aang'ono. Mwana wanuyo, Mayi Nachisale, wathira "extremely" poganiza kuti akuwonjezera. Wowerenga wozolowera Chingerezi amamva kuti wolembayo sakuwakhulupirira mawu ake omwe, n'chifukwa chake akuwachirikiza.

Kondwani: Ndilowepo ndi zakusukulu pang'ono. Nkhaniyi anthu anayesapo kuiwerengera ndi manambala. Mu 2013 Alberto Acerbi ndi anzake atatu anasindikiza kafukufuku m'magazini ya sayansi ya PLOS ONE. Anatenga nkhokwe ya Google Books, imene pa nthawiyo inali ndi mabuku oposa 5 miliyoni a zilankhulo zingapo, n'kuyang'ana a Chingerezi a pakati pa 1900 ndi 2000. Mawu anawaika m'magulu 6: mkwiyo, kunyansidwa, mantha, chimwemwe, chisoni ndi kudabwa. Kenako kompyuta inawerenga kuti chaka ndi chaka mawu a gulu lililonse akupezeka kangati.

Zimene anapeza: mawu achisoni anakwera kwambiri nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, achimwemwe anali pamwamba m'zaka za m'ma 1920 ndi m'ma 1960. Zimenezo munthu angaziyembekezere. Chodabwitsa n'chakuti mawu onse onena za mumtima, kuwaphatikiza pamodzi, ankachepa m'mabuku zaka zikamapita. Gulu limene linakana kutsika ndi la mantha, linayamba kukweranso cha m'ma 1970. Ndipo kuyambira cha m'ma 1960 mabuku a ku America anayamba kukhala ndi mawu otere ambiri kuposa a ku Britain. Ndiye zimene akuona a Tiyamike ndi a Mphatso si maloto.

Bambo Mvula: A Kondwani, kompyutayo ikapeza "I am not happy" imawerenga chiyani?

Kondwani: Imawerenga "happy", Bambo. Njira imeneyo siona "not".

Bambo Mvula: Basi ndi pomwepo. Ndipo imelo ya bwana wa Tiyamike ija ikanaiika m'gulu la anthu odekha. Kuwerenga mawu si kuwerenga mitima.

Kondwani: Zoona, ndipo eni kafukufukuwo sananene kuti anthu anasiya kumva chisoni, ananena za mawu a m'mabuku basi. Palinso dandaulo lina lalikulu. Mu 2015 akatswiri a ku yunivesite ya Vermont anaonetsa kuti m'nkhokwe ya Google ija zolemba za sayansi zimachulukirachulukira zaka zikamayandikira 2000, komanso buku limene linawerengedwa ndi anthu mamiliyoni limalemera chimodzimodzi ndi lipoti limene palibe analitsegulapo. Lipoti la mankhwala silinena za chimwemwe, ndiye likhoza kukokera manambala pansi. Koma Acerbi anabwereranso ndi mnzake Olivier Morin, n'kuyang'ana nkhani zopeka zokhazokha za zaka pafupifupi 200. Kutsika kunaonekabe, ndipo amene anatsika kwambiri ndi mawu achimwemwe, osati achisoni. Olemba nkhani m'Chingerezi anasiya kunena poyera kuti munthu wakondwa.

Chisomo: Ndiye ndi "show, don't tell" imeneyo. Mkonzi aliyense amene ndinamutumizirapo nkhani yaifupi amandibwezera ndi mawu omwewo. Usanene kuti mayiyo anali ndi chisoni, tionetse zimene anachita. Madamu, auzeni ana zimenezo, nkhani yatha.

Mayi Nachisale: Siyinathe, Chisomo. Lamulolo ndimalidziwa, ndipo ndi limene linabala misozi yogubuduzika ija. Mwana ukamuuza kuti asanene, aonetse, amathamangira ku thupi: mtima kugunda, manja kunjenjemera, thukuta, misozi. Ana makumi asanu, mtima umodzi womwewo ukugunda. Kumeneko n'kunenabe, angosintha malaya.

Mwa zimangirizo zonse chimodzi chokha ndi chimene chandigwira. Mtsikana wina walemba kuti atabwera kumanda anaphika nsima monga mwa masiku onse, n'kupakula mbale zisanu, pomwe pakhomo atsala anthu anayi. Sanaikepo "sad" paliponse. Chingerezi chake n'chothyokathyoka, koma ndinaika cholembera pansi. Vuto langa n'lakuti sindikudziwa ngati zimenezo zimaphunzitsika.

Bambo Mvula: Mwana ameneyo musamutaye. Zimene wachita, wolemba ndakatulo T. S. Eliot anazipatsa dzina mu 1919 polemba za sewero la Hamlet. Anati njira yofikitsira zamumtima kwa wowerenga ndi kupeza zinthu kapena zochitika zimene zikangoikidwa pamaso pake, iye mwini amve zomwezo popanda kuuzidwa. Dzinalo ndi "objective correlative". Mbale yachisanu ija ndi imeneyo. Ernest Hemingway, wolemba nkhani wa ku America, naye ankayerekeza nkhani ndi phiri la madzi oundana loyandama panyanja, limene gawo limodzi lokha mwa magawo 8 ndilo limaonekera pamwamba.

Koma Chisomo, imva apa. Limenelo si lamulo la Mose. Ndi kakomedwe ka nthawi ina ndi anthu ena. Tsegula nkhani za Chingerezi za m'ma 1700 ndi 1800, upeza amuna akulira poyera, akazi akukomoka, wolemba akukuuza mosabisa kuti munthuyu anagwidwa ndi chisoni chachikulu, n'kutha tsamba lonse akuchifotokoza. Owerenga ankazikonda zimenezo ndipo ankalira nawo. Kuuma mtima papepala kunadza pambuyo. Mkonzi wa lero akakudula "she was heartbroken" akutsata kakomedwe ka m'zaka za m'ma 1900, makamaka ka m'makalasi ophunzitsa kulemba nkhani a ku America ndi ku Britain. Umvere kuti nkhani yako isindikizidwe, koma usamayese kuti makolo ako ankalakwitsa akamanena pa nthano kuti Kalulu anachita mantha.

Tiyamike: Bambo, nanga zija amati Angerezi ndi anthu a "stiff upper lip", osaonetsa zamumtima pagulu, chibadwire?

Kondwani: Osati chibadwire, asisi. Katswiri wa mbiri Thomas Dixon wa ku London analemba zambiri pa nkhani ya misozi ku Britain, ndipo mfundo yake ndi yakuti khalidwe losalira pagulu linakula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nthawi ya ufumu wawo waukulu ndi sukulu zogonera za anyamata, n'kufika pachimake pa nkhondo ziwiri za padziko lonse zija. Ngakhale pamenepo Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain pa nkhondo yachiwiriyo, ankadziwika kuti misozi inali pafupi. Ndipo mu 1997, Diana, amene anali mkazi wa Prince Charles, atamwalira, anthu analira m'misewu ya London dziko lonse likuona pa TV.

Dixon yemweyo anaonetsanso kuti liwu lakuti "emotion", monga dengu loikamo mkwiyo, mantha, chikondi ndi zonse, si lakale. Linalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa, ndipo poyamba linkanena chipwirikiti kapena kugwedezeka. Anthu ankalankhula za "passions" ndi "affections", mawu amene anali ndi fungo la tchalitchi: zina zinali zilakolako zofunika kuzigonjetsa, zina zinali zabwino zoyenera kuzisamala. Amene anathandiza kwambiri kuti zonse zilowe m'dzina limodzi ndi Thomas Brown, mphunzitsi wa ku Edinburgh amene maphunziro ake anasindikizidwa mu 1820. Pofika 1872 Charles Darwin anali kuliika pamutu wa buku, ndipo mu 1884 William James, katswiri wa za maganizo wa ku America, anali kufunsa kuti kodi "emotion" n'chiyani kwenikweni.

Abusa Kamanga: Ndakhala ndikungowerenga, koma mwafika pakhomo panga. Baibulo la Chingerezi la King James la 1611 lili ndi zonse ziwiri mukukanganazi. Pa Yohane 11:35 pali mawu awiri okha, Yesu analira, vesi lalifupi kuposa onse m'Baibulo limenelo. Palibe "very", palibe chofotokozera. Koma Baibulo lomwelo, pa Genesis 43:30, pamene Yosefe waona mng'ono wake Benjamini, limati chimene chinatakasika mwa iye ndi "bowels", matumbo. Chifundo ankachiika m'mimba, potsata Chiheberi. Ndikawerengera achinyamata a kwaya amaseka mpaka kugwa, chifukwa lero liwu limenelo amalimva kuchipatala kokha. Mabaibulo ambiri atsopano a Chingerezi anachotsamo matumbowo, ena n'kusamutsira zimenezo ku mtima.

Tiyamike: Abusa mwandiseketsa, "bowels" ndimalemba tsiku lililonse pa shifiti koma osati za chifundo 🙈

Koma kunena zoona, zolemba zathu za kuntchito ndi sukulu ina pa nkhaniyi. Amatiphunzitsa kuti tisamalembe kuti gogo wakuti anali "angry" kapena "aggressive", chifukwa kumeneko n'kumuweruza, ndipo mawuwo amamutsata m'failo mpaka kalekale. Ulembe zimene waona: anakana chakudya, anakweza mawu, anataya kapu pansi. Ngati ufuna liwu limodzi, pali ovomerezeka: "agitated", "distressed", "tearful", "settled". "Depressed" sungalembe wamba chifukwa ndi dzina la matenda, adokotala okha ndiwo anganene. Ife timati "low in mood". Pomwe kunja kwa geti mwana wa sukulu amati ali "depressed" chifukwa timu yake yagonja.

Bambo Mvula: Ndipo mawu amenewa mukawafukula mupeza ambiri anayambira pathupi kapena pa zinthu zogwirika. "Sad" m'Chingerezi chakale ankatanthauza wokhuta, wodzaza. Kenako wolemera, wosaseka, mpaka kufika pa chisoni. "Anger" anabwera ndi ma Viking, anthu a kumpoto kwa Ulaya, ndipo kwawoko ankanena chisoni ndi msauko, osati kupsa mtima. "Happy" amachokera ku "hap", mwayi, muzu womwewo wa "happen" ndi "perhaps". Munthu wa "happy" anali wamwayi. "Worry" ankatanthauza kukanyanga pakhosi.

Tiyamike: Eee! N'chifukwa chake kumidzi ya kuno ku Yorkshire ndimaona zikwangwani zochenjeza eni agalu za "sheep worrying". Ndinkadabwa kuti galu amaidandaulitsa bwanji nkhosa.

Mphatso: Amaiuza za mitengo ya mafuta 😂

Mayi Nachisale: Ndibwerere kwa ana anga. Vuto lina si kuchulutsa mawu koma kusankha. Ife timati manyazi, basi. Mwana akachita manyazi pamaso pa alendo, wakuba akagwidwa n'kuchita manyazi, mtsikana akagwa pagulu n'kuchita manyazi. Chingerezi chimafuna usankhe: woyambayo ali "shy", wachiwiri ali "ashamed", wachitatu ali "embarrassed". Ana anga amalemba kuti mkwatibwi anali "ashamed" polowa m'tchalitchi, ndipo Mngerezi powerenga angafunse kuti kodi anachimwa chiyani. Chisoni chimodzimodzi: china ndi "sadness", china ndi "grief" ya wofedwa, china ndi "pity" yomvera mnzako. Kukhumudwa nako amangokuika "disappointed" paliponse, pomwe nthawi zina ndi "hurt", nthawi zina "offended", nthawi zina "upset".

Chisomo: "Upset" ndiye amandisokoneza. Amakwiya kapena amalira?

Tiyamike: Zonse ziwiri, achimwene, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Mngerezi amamukonda chifukwa saulula zambiri. Ukati wina ali "upset" wanena kuti zinthu sizili bwino popanda kumuvula.

Nanga "sorry"? Ife munthu akapunthwa timati pepani, ndiye timanyamula "sorry" n'kupita naye. Gogo wina akagwetsa ndodo ine n'kuti "sorry", amandiyang'ana n'kuti si iwe walakwitsa, mwanawe. Kwa iwo "sorry" wosavala kanthu ndi kuvomera mlandu. Ukafuna wa chifundo uyenera kumuveka: "sorry to hear that". Pomwe iwo omwewo ukawaponda phazi m'basi, amayamba ndi iwo kunena "sorry".

Kondwani: Zimene akunena Mayi Nachisale si zathu zokha. Mu 2019 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa Joshua Conrad Jackson ndi anzake, amene anayerekeza zilankhulo 2,474 kuona kuti ndi zamumtima ziti zimene zimagawana liwu limodzi. Anapeza kuti mabanja a zilankhulo amadula malire mosiyana. Mwachitsanzo m'zilankhulo za banja la Austronesian, za kuzilumba za Pacific ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia, chikondi chimayandikana ndi chifundo, pomwe m'banja la Chingerezi chimayandikana ndi kufuna. Ndiye Chingerezi sichinagawe molondola kuposa ife, chinangogawa pena.

Palinso za kamangidwe ka chiganizo. Anna Wierzbicka, katswiri wa zilankhulo wa ku Poland amene wakhala akuphunzitsa ku Canberra, ku Australia, anaona kuti Chingerezi cha lero chimakonda afotokozi: "I am sad", "she was glad". Munthu amangokhala mumkhalidwe winawake. Aneni akale monga "rejoice", "grieve", "pine" akumveka achikale kapena a m'tchalitchi. Ife tili ndi aneni ambiri: kukondwa, kukwiya, kudandaula, kunyansidwa. Ndipo zina zimatichitira zokha: mantha amatigwira, chisoni chimatigwira, nkhongono zimazizira, mtima umakhala m'malo. Mwana akamalemba "I was sad" wasiya zonsezo pakhomo la kalasi.

Chisomo: Osaiwala mvekero. Anangoti kakasi. Ali zyolizyoli. Wakhala ndwii. Mtima myaa. Ndipatseni liwu limodzi la Chingerezi la "ndwii" ndikugulireni mayunitsi.

Mphatso: "Sulking".

Chisomo: Ayi achimwene, "sulking" akukuuza. "Ndwii" akukuonetsa milomo. Ndiye ife "show, don't tell" tinali naye kalekale, akonziwa akutigulitsa mbuzi yathu yomwe.

Bambo Mvula: Apo walasa. Ndipo funso lenileni kwa wolemba wa kwathu ndi lakuti kodi angatenge zimenezi kupita nazo m'Chingerezi. Chinua Achebe ananena m'zaka za m'ma 1960 kuti wolemba wa ku Africa agwiritse ntchito Chingerezi, koma achipinde kuti chinyamule katundu wa kwawo. Ndiye mwana akalemba kuti maondo ake anazizira atamva uthengawo, ine sindingamudule. Mngerezi sanena choncho, koma amva, ndipo amva mwatsopano kuposa mtima uja wodumpha kugunda umene aliyense anaubwereka. Pofunika kusamala ndi pamene mawuwo akafika m'Chingerezi akutanthauza zina. Ukalemba kuti munthu ali ndi "cold feet", iwo amva kuti akufuna kubwerera m'mbuyo pa zimene analonjeza, kawirikawiri ukwati. Ukamasulira kupsa mtima kuti "heartburn", wamutumiza ku famase.

Ndiwonjezere za kwathu, poti achinyamata simunazione. Olemba athu a Chingerezi a nthawi ya Kamuzu ankabisa mkwiyo pa chifukwa china, osati kakomedwe. Lamulo lounika zolemba ndi zisudzo linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo gulu la olemba la ku Chancellor College limene linayamba cha mu 1970 linkadziwa kuti pali makutu paliponse. Sukanalemba kuti ndakwiya ndi boma. Unkalemba za nyama, za mvula, za nthano zakale, wakumva amve. Ngakhale choncho Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ndakatulo za nthawi imeneyo mukaziika mu kompyuta ya a Kondwani, ikhoza kukuuzani kuti Amalawi anali anthu osakwiya.

Abusa Kamanga: Koma Bambo Mvula, tisafike pouza ana kuti kutchula chisoni ndi tchimo. Ine ndimakhala pa maliro sabata ndi sabata. Pali nthawi imene munthu amafunika kumva mawu enieniwo, kuti tili ndi chisoni, tinkamukonda. Makadi a chipepeso amene abale akunja amatumiza amangoti "sorry for your loss", onse chimodzimodzi ngati anadinda ndi chidindo chimodzi. Anamfedwa akandipempha kuti ndiwamasulire ndimasowa chonena, chifukwa mulibe munthu m'menemo.

Tiyamike: Abusa, kumbali imeneyo ndiwaikire kumbuyo pang'ono. Mawuwo ndi ouma, inde, koma kuno amene amadziwa kulemba kalata ya chipepeso amaika mzere umenewo poyamba ngati kugogoda pachitseko, kenako amalemba chinthu chimodzi chimene akukumbukira za malemuyo: momwe ankasekera, maluwa amene ankadzala. Pamenepo ndi pamene pali misozi yawo. Amene amangosayina dzina pansi pa mzere wosindikizidwa kale, amenewo ndi aulesi, ndipo aulesi ali m'chilankhulo chilichonse.

Abusa Kamanga: Mwina. Komabe ine ndikawerenga kalata imene yazungulira chisoni osachitchula, ndimaona ngati wolembayo akuopa kudetsedwa nacho.

Mayi Nachisale: Abusa ali ndi mfundo. Ndikaganiza za olemba amene ndimawakonda, sikuti satchula konse. Amatchula kamodzi, pamalo pake, atakonza kale bwalo. Tsamba lonse munthu akuchapa, akusesa, akuyankha alendo, kenako kachiganizo kafupi kakuti anachita mantha, popanda "very". Kamagunda chifukwa kali kokha.

Kondwani: Ndipo pa foni zonse tanenazi zimatembenuka. Mu 2015 a Oxford Dictionaries anasankha kankhope koseka mpaka misozi kukhala liwu la chaka, osati liwu la zilembo. Achinyamata olemba Chingerezi pa intaneti akaseka amati "I'm dead", "I'm crying", "I'm screaming", ali phee pampando. Ndipo ukayankha uthenga ndi "Fine." n'kuika mpumiro kumapeto, amamva kuti wakwiya.

Mphatso: Poti akatswiri mwasonkhana, ndithandizeni zenizeni. Eni nyumba imene ndimachita lendi akhala akulonjeza kukonza giza koma palibe chikuchitika, tikusamba madzi ozizira m'nyengo yozizira ya kuno. Ndalemba kuti "I am very angry and extremely frustrated". Nditumize?

Tiyamike: Ayi achimwene, fufutani. Akawerenga zimenezo aona munthu wolalata, ndipo ayankha za kulalatako m'malo mwa giza. Lembani tsiku limene munawauza koyamba, tsiku limene analonjeza, ndi zimene pangano la lendi likunena pa zokonza. Kenako chiganizo chimodzi chokha: "I am disappointed that this remains unresolved". Mutseke ndi tsiku limene mukufuna kuti akhale atakonza.

Bambo Mvula: Ngati ndi kalata yoyamba, ayambe ndi "concerned". "Disappointed" asunge ya kalata yachiwiri. Yachitatu musatchulenso za mtima wanu, mungoti "unacceptable" n'kutchula Rental Housing Tribunal ya chigawo chanu cha Gauteng, kumene anthu a lendi amakadandaula kwaulere.

Mphatso: Iyi ndi yachitatu kale, Bambo.

Bambo Mvula: Ndiye chotsanimo "angry" ndi "frustrated" onse awiri, muike dzina la Tribunal m'ndime yoyamba.